Kalaliki wa Agogo

Ine ndine kalaliki wa Boma. Nchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndiyo kukhala pa tebulo ku Chipata ndi kulemba za anthu m'zikalata: tsiku limene munthu anabadwa, mudzi wace, mfumu yace, ndipo akatisiya, tsiku la imfa yace. Ndagwira nchito imeneyi zaka 11, ndipo dzanja langa linazolowera kotero kuti litha kulemba mtima uli kwina. Koma m'mwezi wa July, caka ca 2023, ndinakhala pa tebulo lomwelo ndi cikalata cimodzi cimene cinandikanika. Cinali cikalata ca imfa ya agogo anga, amai a amai anga, amene anandilera, ndipo ndinayenera kucidzaza ine monga mwini maliro.

Dzina lao ndinalemba, mudzi wao ndi mfumu yao ndinalemba. Pofika pa mzere wofunsa zaka ndinaima. Pofika pa mzere wofunsa nchito imene womwalirayo analikugwira ndinaika colembera pansi.

Ndiyambe ndi za zaka, pakuti izo zinali zapafupi. Citupa cao cinanena kuti anabadwa pa 1 January, 1930. Ife a m'maofesi tidziwa tanthauzo la tsiku limeneli. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964, alembi anayenda m'midzi kulemba anthu, ndipo munthu wosadziwa tsiku lace lobadwa analikumyang'ana pankhope ndi kumpatsa caka comuyenera, pamodzi ndi tsiku loyamba la cakaco. Agogo eni ace ankati anabadwa caka ca dzombe. Koma dzombe lofiira linabvuta dziko lino zaka zambiri zotsatana masiku amenewo, kotero kuti mau aowo sanandithandize. Ndinapita ku misyoni kwathu kukapempha Abambo Mfumu kuti andionetse mabuku akale a ubatizo. M'buku limodzi la zikuto zothethuka, lolembedwa m'Cilatini ndi inki imene inasanduka yofiirira, ndinapeza dzina lao ndi maina a makolo ao: anabatizidwa m'mwezi wa March, 1931, ali khanda la masiku ocepa. Anakhala ndi moyo zaka 92.

Kuti mwana wa m'mudzi abatizidwe ali khanda masiku amenewo, panafunika kuti makolo ace akhale Akristu kale. Atate a agogo anali mmodzi wa anyamata amene ankayenda pansi kucokera kum'mwera kwa Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kupita ku Kachebere, misyoni imene ansembe a White Fathers anatsegula m'caka ca 1903 pa malire a dziko lino ndi Nyasaland. Ansembe amenewo sankabatiza munthu wamkulu msanga iai. Analikumyesa zaka zinai ndi maphunziro a katekisimu, ndipo wolefuka panjira ankabwerera kwao wopanda dzina latsopano. Atate aowo anapirira. Mwana wao wamkazi sanamtumize ku sukulu, pakuti anthu ankati sukulu nja anyamata. Koma anamphunzitsa mapemphero onse ndi mafunso onse a katekisimu pamtima. Kufikira imfa yao agogo sanadziwe kulemba ngakhale lemba loyamba la dzina lao.

Anakwatiwa m'chalichi m'caka ca 1949. Agogo amuna anakhala cikamwini kwao kwa mkazi, monga mwa mwambo wa Acewa, napalira munda wa apongozi ao, nabala ana atatu. M'caka ca 1954, masiku a Federation, ananyamuka ndi anzao kupita ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho ndi njinga, nasiya agogo ali ndi pakati pa amai anga. Zaka zitatu zoyamba makalata ankabwera, ndi kandalama m'kati mwace, ndipo mphunzitsi wa m'mudzi ndiye ankawawerengera. Pambuyo pace kunati zii. Bamboyo anasanduka mchona.

Acibale anadikira zaka zina ziwiri, kenaka atsibweni ao anawaitana pansi pa mtengo nati, "Mwana wathu, udakali mtsikana. Munthu uja wakuiwala. Amuna alipo amene afunsira." Agogo anayankha kuti ukwati wao anaumanga pa guwa, ndipo amene anaumanga sanaumasule. Ine ndaganiza kawirikawiri za yankho limeneli, ndipo sindinganame kuti mtima wanga umakondwa nalo nthawi zonse. Mkazi wa zaka 28 anatsekera citseko cimwemwe ca pabanja cifukwa ca munthu amene sanatumize ngakhale moni. Analima yekha, anafolera nyumba ndi udzu womweta yekha, napempha alongo ao kuti amumangire nkhokwe. M'caka ca 1981 munafika m'mudzi nkhalamba yoonda, yonyamula sutukesi yomanga ndi cingwe, ikukhosomola. Amai anga, amene anali ndi zaka 26, anali asanaionepo. Agogo anaiyang'ana nthawi yaitali, napita kukatereka madzi osamba. Anaiphikira zaka zitatu, anaiitanira wansembe, naiika m'manda. Koma ndinamva kwa azakhali anga kuti m'zaka zitatuzo sanaifunse ngakhale kamodzi kumene inali, ndipo sanaseke nayo.

Ndanena ici kuti owerenga asaganize kuti ndiri kusimba za munthu wofatsa ngati wa pa cithunzi ca m'chalichi. Agogo anali ndi lilime lakuthwa. Ankafwenkha fodya wa m'mphuno, nabisa kabotolo kace poona wansembe. Mlongo wao mmodzi, amene sanalowe Cikristu, atamwalira m'caka ca 1962, pa maliro pace panabvinidwa gule wamkulu, ndipo agogo anakana kupita, pakuti masiku amenewo pakati pa misyoni ndi nyau panali udani waukulu. Mlongoyo ndiye uja anawamangira nkhokwe. Atakalamba anandiuza usiku wina kuti pa zonse zimene analapa, cimeneci ndico cimene kulapa sikunacicotse pamtima.

Makalata a ku Southern Rhodesia atasiya kubwera, m'caka ca 1958, agogo analowa gulu la Lejio ya Maria, ndipo anakhalamo zaka 65. Gulu limeneli linayambika ku Dublin, m'dziko la Ireland, m'caka ca 1921, ndi munthu wina dzina lace Frank Duff, amene anali kalaliki wa Boma monga ine. Kuno ku Africa linafala ndi khama la mtsikana wodwala cifuwa cacikulu, Edel Quinn, amene anafika ku Kenya m'caka ca 1936, nayenda kufikira ku Nyasaland, namwalira ku Nairobi m'caka ca 1944. Dongosolo lace ndi ili. Anthu a gulu amakumana kamodzi pa mlungu mozungulira tebulo loyalidwa nsaru yoyera, pamene pali fano la Maria, makandulo awiri ndi maluwa. Amapemphera Korona. Amayendetsa kathumba kamene yense apisamo dzanja lace lofumbata, kuti mnzace asadziwe ngati waponyamo kanthu kapena iai. Tsono yense amaimirira ndi kufotokoza nchito imene anapatsidwa mlungu wathawo, nalandira ina: kuceza kwa odwala, kwa nkhalamba, kwa amene anasiya kupemphera, ndipo amayenda awiriawiri.

Liripo lamulo lina la Lejio lakuti munthu wopita pa nchito ya gulu asanyamule ndalama, cakudya kapena zobvala zokapatsa amene akumcezera. Eni lamulo ali ndi zifukwa zao, ndipo si zopusa: amati anthu angayambe kulandira alendo a Lejio cifukwa ca mphatso, ndipo amene safuna kuoneka wosauka angatseke citseko cace. Agogo analemekeza lamulo limeneli, osaliphwanya ngakhale kamodzi. Laciwiri ankapita ndi mnzao kwa wodwala cimanjamanja, napemphera naye, namfunsa ngati afuna wansembe. Lacitatu m'mamawa ankabwerera okha ku nyumba yomweyo atasenza mphika wa phala la nsinjiro, nanena pakhomo, "Dzulo kunabwera a Lejio. Lero kwabwera mnansi."

Popeza sanadziwe kulemba, ciwerengero ca nchito yao ankacisunga m'citenje. Pa ngodya imodzi ankamanga njere za cimanga, njere imodzi munthu mmodzi amene amcezera. Pa ngodya ina nyemba, za iwo amene afunika wansembe msanga. Lacinai pa msonkhano ankamasula mfundo, nayala njerezo pa cikhato, nachula mwini njere iri yonse ndi bvuto lace. Anacita cotero zaka zambiri. Misa inasintha kucoka ku Cilatini kulowa m'Cinyanja utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican m'caka ca 1965, ndipo iwo anadandaula miyezi ingapo kuti Mulungu amlanda cinenero cace, kenaka anasanduka otsogolera nyimbo. Ambuye Medardo Mazombwe, amene anadzakhala Kadinala m'caka ca 2010, atakhala Episkopi wa Chipata, agogo anali mmodzi wa amai owaphikira pobwera kudzapereka ulimbitso, ndipo ankanyadira ici koposa zina zonse. Nkhondo ya ku Mozambique itathamangitsira anthu kuno, ca m'ma 1987, anasunga m'khichini mwao mai wina ndi kamnyamata kace miyezi isanu ndi iwiri. Koma njere ndi nyemba sizinasinthe, kufikira ine nditabwera.

Ndinabadwira ku Lusaka m'caka ca 1988. Atate anamwalira ndiri ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'caka ca 1997 amai anandigwira dzanja, tinakwera basi pa mseu wa Great East, tinaoloka Luangwa, ndi kufika kumudzi. Amai anali ataonda kotero kuti ana a m'mudzi anathawa powaona. Matenda ace anthu sankawachula dzina masiku amenewo. Ankanong'ona kuti kaliondeonde, ndipo wodwala ankampatulira mbale yace ndi cikho cace, ena namsiya m'kanyumba kuseri. Si amai anga okha amene anabwera cotero. Basi iri yonse yocokera ku Lusaka ndi ku migodi inalikutsitsa ana a m'midzi yathu obwera kudzafera kwao, ndipo ngodya za citenje ca agogo zinacepa.

Usiku wina anandiitana pafupi ndi koloboi nati, "Iwe, akuti uli mu giredi 3. Kodi udziwa kulemba maina a anthu?" Ndinabvomera. Anaturutsa buku la sukulu latsopano ndi pensulo zimene anagula ndi ndalama ya nsawawa, nati, "Kuyambira lero ndiwe kalaliki wanga." Anayamba kuchula maina, ine ndirikulemba. Ndikatsiriza ankati ndiwerenge zonse mokweza, ndipo ndikalumpha dzina kapena kusokoneza mudzi ankandidzudzula ngati kuti alikuona pa pepala. Wodwala akamwalira ankandiuza kuti ndilembe kamtanda pambali pa dzina lace. Maphunziro a ukalaliki amene ndinalandira pambuyo pace ku sukulu ya misyoni ndi ku Boma anangoonjezera pa amenewa.

Dzina lacinai pa tsamba loyamba linali la amai anga. Agogo ankawasambitsa okha, atabvala m'manja mapepala a pulasitiki ocotsamo shuga, pakuti magolovesi anadzafika pambuyo, pamene dayosizi inayamba kuphunzitsa amai a m'miphakati kusamala odwala kunyumba. Ankadya nao m'mbale imodzi pakhonde, poyera, kuti odutsa aone. Akatsiriza kwa mwana wao ankasamba m'manja ndi kupita kwa ana a eni. Ine ndinakwiya nazo, ndipo tsiku lina ndinawafunsa cifukwa cimene asiyira amai kukasamala anthu acilendo. Anati, "Amako ali ndi ine ndi iwe. Uja wa kutsidya ali ndi galu yekha."

Amai anamwalira m'mwezi wa September, 1998. Tinawaika Laciwiri. Lacitatu usiku, olira ali m'nyumba, agogo anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndi koloboi nati, "Tenga buku." Ndinalitenga. Anati, "Lemba mtanda pa dzina la mwana wanga." Ndinakana, ndinaponya pensulo pansi, ndinalira. Iwo sanandikalipire. Anatola pensuloyo, naipukuta, nakhala cete kufikira mafuta a m'koloboi anayamba kutha. Tsono anati, "Taika mitanda pa ana a anzathu. Wathu tisambise." Ndinalemba. Mtanda umenewo ulipo kufikira lero, wokhota, ndipo pepala linaboka pamene ndinakanikiza. M'mawa mwace, Lacinai, agogo sanapite ku msonkhano cifukwa ca maliro, koma anatumiza bukulo ndi mnzao woyenda naye.

Mabuku otere alipo 9. Oyamba asanu ali m'dzanja langa. Otsalawo analemba ana ena a m'mudzi ine nditapita ku sukulu yogonera konko, kumene fizi yanga inacokera m'munda wa nsawawa wa agogo ndi m'thandizo la masisitere. Maliro atatha ndinayesa kuwerenga mitanda yonse. Ndinafika pa 100 ndi kuleka. Koma wowerenga mabukuwo adzaona cinthu cimodzi: kuyambira caka ca 2005, pamene Boma linayamba kupereka mankhwala a ARV kwaulere, mitanda icepa tsamba ndi tsamba, ndipo maina amodzimodzi abwerezedwa caka ndi caka ali amoyo. Agogo anaphunzira nchito yatsopano, ya kuyendera anthu ndi kuwafunsa ngati amwa mankhwala pa nthawi yace. Amai anga anacedwa kudwala nadzapeza mankhwalawo akadakhala lero. Koma ici agogo sanacinene ndi kamodzi komwe, ndine ndimacinena.

Tsopano ndifika pa cimene cindicititsa manyazi. Nditalowa nchito ya Boma, agogo anayamba kunditumizira anthu. Mkazi wamasiye wofuna cikalata, mwana wamasiye wopanda pepala liri lonse, nkhalamba yotaya citupa, onse ankafika pa tebulo langa ndi mau amodzi: "Atituma agogo anu." Anzanga a mu ofesi anayamba kundiseka. Tsiku lina m'caka ca 2016, dzuwa litapendeka, panafika mai wokalamba ndi mdzukulu wace wamkazi amene anakhoza bwino mayeso, nafuna citupa kuti akalowe maphunziro a uphunzitsi. Makolo a mtsikanayo anali m'buku lacitatu la agogo, onse awiri ndi mitanda. Analibe mapepala ofunika. Ndinawafotokozera zimene lamulo lifuna, mau onse oona, ndi kuwauza kuti akabwere nazo. Anathokoza mwaulemu, naturuka. Ndalama ya ulendo waciwiri analibe, ndipo ine ndinadziwa.

Pakutha pa mwezi ndinapita kumudzi ndi mau okonzeratu. Ndinati, "Agogo, lekani kunditumizira anthu. Boma liri ndi malamulo ace, ndipo ine sindingawaphwanye." Iwo analikusenda nsawawa. Anati, "Wacita bwino, mdzukulu wanga, lamulo saphwanya. Nanga Lacitatu unapita?" Ndinati sindinamve. Sanabwereze. Ndinamva tanthauzo lace ndiri m'basi pobwerera, pakuti mau a akulu akoma akagonera. Mudzi wa mtsikanayo unali pafupi ndi wathu; ndikadatha kupita Loweruka lina kukaonana ndi a mfumu ndi acibale ace, ndi kusonkhanitsa umboni umene unalikufunika. Inali nchito ya tsiku limodzi. Ndinati ndidzapita mwezi wa mawa, ndipo sindinapite. Caka cotsatira mtsikanayo anakwatiwa m'mudzi, za uphunzitsi zinathera pomwepo. Agogo sananditumizirenso munthu, monga ndinawapempha.

Maso ao anayamba kuzima m'caka ca 2018. M'caka ca 2020, machalichi atatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid, ndinawagulira kawailesi kuti azimva Misa pa Radio Maria, ndipo ankagwada pa mphasa patsogolo pace, nayankha wansembe mokweza ngati ali pa benchi loyamba. Mikanda ya Korona yao inali itaperepeseka kotero kuti ina inasanduka ngati njere za mapira. Tsopano anali iwo ocezeredwa. Amai awiri a Lejio, ana a anzao akale, ankabwera Laciwiri, ndipo agogo ankawapapasa m'manja kuti aone ngati sananyamule kanthu. Lacitatu mmodzi wa iwo ankabwera yekha ndi phala.

Anadzozedwa mafuta a odwala Lolemba, namwalira Lacisanu m'bandakuca, nyengo ya cisanu. Pa maliro panafika anthu amene ife eni banja sitinawadziwe. Bambo wina wa imvi zoyamba anabwera pa njinga yamoto kucokera kutsidya kwa malire a Mozambique, nagwada kwa azakhali anga, nati iye ndiye kamnyamata kamene kanagona m'khichini. Amai a Lejio anasinthana kupemphera Korona usiku wonse. Pakati pa amai ophika ndinaona mtsikana uja wa citupa, mwana kumbuyo, alikuomola nsima. Anandipatsa moni mwaulemu womwe uja.

Lolemba lace ndinabwerera ku ofesi ndi kukhala pansi ndi cikalata cija. Mnzanga wa tebulo loyandikana, poona kuti ndakhala nthawi yaitali pa mzere umodzi, anasuzumira nati, "Aphiri a mzere umenewo sabvuta. Sanalembedwepo nchito, si conco? Lembani monga timalembera amai onse a kumudzi." Mau amene timalemba pamenepo ndi liu limodzi la Cingerezi lotanthauza mkazi wokhala pakhomo. Ine ndalilemba pa zikalata za amai a eni kosawerengeka, osafunsa kanthu. Ndinayesa kuganiza liu lina lokwana m'kamzere kaja limene buku la Boma lingalandire, ndipo sindinalipeze. Anthu anali atandanda pakhomo kudikira. Ndinalemba liu lomwelo, ndinasaina, ndi kupereka cikalata kwa mkulu wanga kuti adinde.

Madzulo ndinatsegula katoni ya mabuku imene azakhali anandipatsa, ndi kuturutsa lacisanu ndi cinai. Dzina lotsiriza linalembedwa m'caka ca 2018 ndi dzanja la mwana amene sindimdziwa, ndipo pansi pace panatsala mizere isanu ndi umodzi. Ndinapempha pensulo kwa mwana wanga wamkazi, amene ali mu giredi 3. Anaima pambali panga kuyang'ana pamene ndinalemba dzina la agogo, ndi mudzi wao, ndi kamtanda. Anandifunsa kuti mitanda yonseyi ndi ya ciani, ndipo ndinamuuza kuti akoke mpando, tiyambire pa buku loyamba.